Opaleshoni yosang'amba mimba: dokotala amabwerera kusukulu kuti aidziwe

Pachipatala chimene ndimagwira ntchito pali tsiku limodzi pasabata limene benchi ya panja pa chipinda chotsukira mabala imadzaza ndi abambo achikulire. Sacheza kwambiri. Aliyense amakhala atafumbata kathumba ka mkodzo, wina atakabisa m'jumbo, wina m'thumba la jekete. Amabwera kudzasinthitsa katheta, kachubu kamene tinawaika mkodzo utawatsekera. Ena akhala nako miyezi itatu, ena chaka chinatha kale akudikira opaleshoni.

Tsiku lina ndikuvula magolovesi, gogo wina wa pabenchipo anandikodola. Alamu awo anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala chachikulu komwe anawachita opaleshoni ya vuto lomweli, koma pamimba pawo panalibe bala ngakhale laling'ono. "Adokotala," anatero gogoyo motsitsa mawu, "kodi alamu angawa anawachitadi opaleshoni, kapena anangowagoneka n'kuwadzutsa?"

Opaleshoniyo inachitikadi, ndipo inali yaikulu ndithu. Kungoti dokotala anadzera m'njira ya mkodzo, osati pamimba. Inu makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo mudzakumana ndi funso ngati limeneli m'mudzi mwanu, ndiye ndi bwino mudziwe mmene opaleshoni yotereyi imachitikira, chifukwa chimene madokotala oidziwa aliri ochepa, komanso mbali imene inu muli nayo kuti wodwala wanu apindule nayo.

Khomo lilipo kale

Impso zathu ziwiri zimasefa magazi n'kupanga mkodzo. Kuchokera ku impso iliyonse kumatsika kapaipi kopyapyala, kotalika masentimita 25 mpaka 30, kamene kamathira mkodzowo m'chikhodzodzo. Kuchokera m'chikhodzodzo pali njira imodzi yotulukira kunja. Mwa abambo, njira imeneyi imadutsa pakati pa kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kukula kwake kuli ngati dzira la nkhunda ndipo kali kunsi kwenikweni kwa chikhodzodzo. Munthu akamakalamba kachiwaloka kamakula n'kuyamba kufinya njirayo.

Popeza mapaipi onsewa ndi olumikizana ndipo ali ndi khomo lotulukira kunja, dokotala atha kulowera pakhomo lomwelo. Pali njira zinayi zimene muzimva kawirikawiri.

Yoyamba ndi imene anachitira alamu a gogo uja, yomwe kuchipatala timaitchula mwachidule kuti TURP. Dokotala amalowetsa chida chachitsulo chonga chubu chokhala ndi nyali, kamera ndi kawaya kopinda kamene kamadula ndi mphamvu ya magetsi. Akuyang'ana pa sikirini, amapala prostate kuchokera mkati pang'onopang'ono, monga mmene mumakolopera mkati mwa papaya ndi supuni khungu n'kutsala, mpaka njira itatseguka. Ndi chida chofanana nacho amapalanso zotupa za m'chikhodzodzo ndi kutsegula njira ya mkodzo imene yaphinjika ndi chipsera.

Yachiwiri ndi ya miyala. Chida chopyapyala kwambiri, cha mamilimita atatu okha, chimakwera kudutsa chikhodzodzo n'kulowa m'kapaipi kopita ku impso. Chikaupeza mwalawo, dokotala amauswa ndi kuwala kwa laser mpaka usanduke mchenga. Yachitatu ndi ya miyala ikuluikulu, yoposa masentimita awiri: amaboola kabowo ka sentimita imodzi kumsana, molunjika impso, n'kuswera mwalawo momwemo.

Yachinayi ndi ya timabowo ta pamimba. Amaboola malo atatu kapena anayi, lililonse la mamilimita 5 mpaka 12, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume ndipo mkati mupezeke malo ogwirira ntchito. Pabowo limodzi pamalowa kamera, pa enawo zida zazitali zonga timitengo. Mwa njira imeneyi atha kuchotsa impso yonse yowonongeka. M'zipatala zina za kunja zida zimenezi zimagwiridwa ndi makina a loboti, koma makinawo saganiza okha. Amangotsatira zala za dokotala amene wakhala pampando chapafupi.

Phindu lake mutha kuliona nokha. Bala likachepa, ululu umachepa, magazi satayika ambiri, ndipo mpata woti bala lichite mafinya umachepanso. Wodwala amatuluka m'chipatala msanga, gadiyani amasiya msanga kugona pansi ndi kuphika pamafuwa a kuchipatala, ndipo mlimi sataya nyengo yonse ya dzinja ali pamphasa.

Luso lachilendo ndithu

Chida choyamba chodalirika choonera m'chikhodzodzo anachionetsa dokotala wa ku Germany, Maximilian Nitze, m'chaka cha 1879. Nyali yake inali kawaya kotentha kamene ankakaziziritsa ndi madzi kuti kasawotche wodwala. Zida zopalira prostate zinayambira ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, koma chithunzi chinali chamdima mpaka pamene katswiri wa magalasi wa ku Britain, Harold Hopkins, anapanga magalasi amtundu watsopano, omwe kampani ya Karl Storz inayamba kuwaika m'zida zake m'zaka za m'ma 1960.

Zotsatira zinabwera mofulumira. Mu 1976, madokotala awiri a ku Sweden, Fernström ndi Johansson, anachotsa mwala wa mu impso kudzera pakabowo ka kumsana. Mu 1980 ku Munich anaswa mwala ndi makina okhala kunja kwa thupi, osaboola paliponse. Mu 1990 Ralph Clayman ndi anzake mumzinda wa St. Louis ku America anachotsa impso kudzera m'timabowo ta pamimba. Opaleshoni yoyambayo inawatengera maola pafupifupi 7, pamene lero dokotala wozolowera amaimaliza m'maola awiri kapena atatu. Makina a loboti otchedwa da Vinci analoledwa kugwira ntchito ku America m'chaka cha 2000.

Mukaonetsetsa zaka zimenezi, njira zambiri mwa izi ndi zazing'ono kwa gogo wa pabenchi uja. Zinafika madokotala ambiri atamaliza kale sukulu, ndipo zimasinthabe chaka ndi chaka. N'chifukwa chake panayambika maphunziro apadera owonjezera, amene pa Chingerezi amati fellowship. Bungwe limodzi limene limavomereza maphunziro otere m'maiko osiyanasiyana ndi Endourological Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984. Mmodzi mwa oliyambitsa, Arthur Smith, anaphunzira udokotala ku Johannesburg asanasamukire ku America.

Makwerero ake ndi aatali

Tiyeni tiwerenge zaka. Kuno kwathu mwana amene wasankhidwa kukaphunzira udokotala amakhala zaka zosachepera 5 ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Akamaliza amagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa pachipatala chachikulu. Apa ndiye kuti wakhala dokotala, koma sanakhale katswiri wa opaleshoni.

Njira imodzi yofikira ukatswiriwo ndi ya COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya maiko a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Malawi ndi membala wake. Wophunzira amakhala zaka ziwiri pa maziko a opaleshoni, kenako zaka zitatu pa nthambi imene wasankha, monga ya impso ndi njira ya mkodzo. Ubwino wa dongosololi ndi woti amaphunzirira m'zipatala za m'chigawo chathu chomwechino, pa matenda amene adzakumane nawo moyo wake wonse. Mukaphatikiza zonse, zaka zapitirira 11. Ku America zimafika 13 kapena kuposerapo: zinayi kukoleji, zinayi kusukulu ya udokotala, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za ukatswiri.

Fellowship imabwera pamwamba pa zonsezi, ndipo nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri. Wophunzirayo ndi katswiri kale, woti atha kuyendetsa dipatimenti payekha, koma amavomera kukhalanso mwana wasukulu pansi pa dokotala amene amachita opaleshoni yamtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Malo amakhala ochepa, kawirikawiri mmodzi kapena awiri pachaka pachipatala chilichonse, chifukwa ophunzira akachuluka palibe amene angagwire zida mokwanira.

Mawuwa asakusokonezeni. Omaliza maphunziro a COSECSA nawonso amatchedwa Fellow, ndipo amalemba zilembo FCS kumapeto kwa dzina lawo. Kumeneko kukutanthauza kuti munthu wamaliza ukatswiri wake. Fellowship imene tikukamba pano ndi yowonjezera pamenepo.

Manja amayambiranso pachiyambi

Mwina mukudabwa kuti katswiri wa zaka zonsezi akusowanso chiyani. Pali zinthu zitatu zimene zimamuvuta tsiku loyamba.

Choyamba ndi maso. Pa opaleshoni yong'amba, dokotala amaona chiwalo ndi maso ake awiri ndipo amadziwa chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Pa sikirini zonse zimaoneka zafulati, ndiye ayenera kuphunzira kuyeza kuya poona mithunzi ndi kayendedwe ka zida. Chachiwiri ndi dzanja. Tayesani kulowetsa ndodo pakabowo ka mpanda: mukakankhira kumanja mbali imene mwagwira, nsonga ya kuseri imapita kumanzere. Zida za timabowo ta pamimba zimayenda chimodzimodzi, ndipo ubongo umafunika kuzolowera kuchita zinthu mozondoka. Chachitatu ndi kukhudza. Chala cha dokotala chimazindikira mtsempha wa magazi pomva kugunda kwake, koma chida chotalika ngati rula ya kusukulu sichimuuza zambiri.

Pa chifukwa chimenechi maphunziro sayambira pa munthu. Amayambira pa bokosi lokhala ndi timabowo ndi kamera mkati. Wophunzira amasamutsa timikanda kuchoka pa kamtengo kena kupita pa kena, amadula bwalo lojambulidwa pa kansalu osaphonya mzere, amalowetsa singano m'timphete, ndipo amamanga mfundo ya ulusi, zonsezi wotchi ikuwerenga. Ku Ulaya, bungwe la akatswiri a nthambiyi lili ndi mayeso a zimenezi otchedwa E-BLUS. Bokosi lotere silifuna ndalama zambiri. Ophunzira ena amalipanga okha ndi katoni ndi kamera ya foni. Akachoka pa bokosi amapita pa makompyuta oyerekezera opaleshoni, pa ziwalo za nyama, ndipo m'malo ena pa matupi a anthu amene anadzipereka kuti akamwalira adzaphunzirirepo ena.

Ku fiyeta amayamba ndi kugwirira mphunzitsi kamera. Kenako amapatsidwa gawo losavuta la opaleshoni, mphunzitsi n'kumaliza zotsalazo. Akalidziwa gawo limenelo amawonjezerapo lina, mpaka tsiku limene amachita yonse mphunzitsi atangoima pambali. Opaleshoni iliyonse amailemba m'buku lake: anachita chiyani, zinatenga nthawi yaitali bwanji, panavuta chiyani. Kuti dzanja likhazikike pamafunika maopaleshoni makumimakumi, ndipo mitundu ina yovuta imafuna oposa 100.

Kudziwa pomwe pali dzenje

Gawo lalikulu la maphunzirowa ndi kudziwa ngozi zisanachitike. Bala laling'ono kunja silitanthauza kuti mkati mulibe choopsa.

Tengani TURP. Kunsi kwa prostate kuli mnofu umene umagwira mkodzo kuti usamangotuluka wokha. Pafupi nawo pali kachitunda kakang'ono kamene dokotala amakaona pa sikirini, ndipo kameneko ndiye malire ake. Akapala kupitirira pamenepo, bambo uja atha kukhala wonyowa moyo wake wonse. Komanso nthawi yonse ya opaleshoniyi mumayenda madzi otsuka kuti kamera ione bwino. Pa zida zakale, madzi amenewa akalowa ambiri m'mitsempha amasungunula mchere wa m'magazi, wodwala n'kuyamba kusokonezeka mutu, kusanza, mwinanso kukomoka. N'chifukwa chake dokotala amayang'ana wotchi ndipo salola kuti kupalako kupitirire kwambiri ola limodzi.

Pa miyala, ngozi yaikulu ndi tizilombo. Mwala ukatseka kapaipi ndipo kumtunda kwake mwadzaza mafinya, kuuswa tsiku lomwelo kutha kukankhira tizilombo m'magazi n'kupha munthu. Dokotala wophunzira bwino amayamba watsegula njira kuti mafinya atuluke, kupereka mankhwala, n'kudzabwerera mwalawo wodwala atapeza bwino. Mukadzauzidwa kuti "lero tangoika kachubu, mwala tidzachotsa ulendo wina," musaganize kuti akuzembani.

Amaphunziranso kusankha odwala, chifukwa si aliyense amene njirayi imamuyenera. Amaphunzira kudziteteza ndi kuteteza wodwala ku X-ray imene amagwiritsa ntchito poona pamene chida chafika. Ndipo amaphunzira chinthu chovuta kwa munthu wonyada: kusiya kamera n'kung'amba mimba pamene magazi akana kuleka kapena mkati simukuoneka bwino. Kutero si kulephera. Dokotala amene sadziwa opaleshoni yong'amba alibe chothawirako zinthu zikavuta, ndiye chifukwa chake fellowship imabwera pamapeto, osati poyamba. Ambiri mwa maphunzirowa amafunanso kuti wophunzira achite kafukufuku ndi kuphunzitsa achichepere, kuti akabwerera kwawo luso lisathere mwa iye yekha.

Kugula makina sikokwanira

Nthawi zina timamva kuti chipatala chalandira makina atsopano, ndiye timayembekeza kuti mawa lomwe mzere wa odikira utha. Sizitero. Dokotala wa kamera sagwira ntchito yekha. Pamafunika wogonetsa odwala amene akudziwa mmene mpweya wopopera m'mimba umasinthira kapumidwe ndi kagundidwe ka mtima, ndipo m'zipatala zathu zambiri ntchito imeneyi ili m'manja mwa ma clinical officer anzanga. Pamafunika namwino wodziwa kumasula, kutsuka ndi kupha tizilombo pa zida zosachedwa kuthyoka. Pamafunika mmisiri wokonza makina, magetsi osazimazima, madzi otsukira malita ambiri pa wodwala mmodzi, ndi tizipangizo tina timene timatha n'kufuna kugulanso. Chimodzi chikasowa, makina a mamiliyoni amangokhala atafunditsidwa nsalu.

Anthu ake ndiwo osowa kwambiri. Mu 2015, gulu la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena kuti dziko lililonse lifunika akatswiri osachepera 20 a opaleshoni, ogonetsa odwala ndi a uchembere pa anthu 100,000 aliwonse. Malawi ali kutali kwambiri ndi chiwerengerochi, ndipo akatswiri a impso ndi njira ya mkodzo ndi kagulu kochepa mkati mwa ochepawo. Mmodzi akapita kunja chaka chathunthu kukawonjezera maphunziro, odwala ake amadikira. Akapanda kupita, luso latsopano silifika. Akapita osabwerako, tataya zonse.

Palinso funso la chimene akaphunzire. Makina a loboti amagulidwa ndi madola oposa miliyoni imodzi, osawerengera zowasamalira. Ku South Africa anafika mu 2013 pachipatala china cha matenda a njira ya mkodzo ku Pretoria, ndipo pambuyo pake zipatala za boma za Tygerberg ndi Groote Schuur ku Cape Town zinakhala nawo. Dokotala amene waphunzira pa loboti chaka chonse n'kubwerera kumene kulibe, luso lakelo limazilala. Kwa abambo a pabenchi aja, chimene chingasinthe moyo wawo ndi dokotala wodziwa bwino TURP, kuona m'chikhodzodzo ndi kuswa miyala, wokhala ndi zida zogwira ntchito ndi gulu lomuthandiza. N'zolimbikitsa kuti malo ophunzirira akuyandikira: mu 2023 ku Kigali m'dziko la Rwanda kunatsegulidwa IRCAD Africa, nthambi ya sukulu ya ku Strasbourg ku France yophunzitsa opaleshoni ya timabowo.

Mbali yanu ndi nthawi

Zaka zonse zimene dokotala waphunzira zimapindula kwambiri wodwala akafika matenda akadali aang'ono. Khomo laling'ono limatulutsa katundu wamng'ono. Apa ndi pamene inu mumalowerapo.

Kwa abambo, kukula kwa prostate ndi gawo la ukalamba: pofika zaka 60, pafupifupi theka la abambo amakhala kuti kachiwaloka kayamba kukula. Si khansa, si matenda opatsirana pogonana, ndipo si kulodzedwa, ngakhale kuti khansa ya prostate nayo ilipo ndipo pafunika kuyeza kuti tisiyanitse. Zizindikiro ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, kudikira nthawi mkodzo usanayambe, mkodzo wofooka wogwera pamapazi, kudzikakamiza, ndi kumva ngati wina watsalira. Poyambirira mankhwala akumwa monga tamsulosin ndi finasteride amathandiza ambiri. Munthu akazengereza, mkodzo wotsalira umabwerera m'mbuyo n'kuwononga impso mwakachetechete. Mkodzo ukatsekeratu, imeneyo ndi ngozi: thamangani naye kuchipatala usiku womwewo.

Kwa ana aamuna, yang'anani mmene khanda likukodzera. Mwana wamwamuna wathanzi amaponya mkodzo patali, moti amayi ambiri anawazidwapo kumaso posintha thewera. Ngati ukungodontha, mwana akulira ndi kudzikakamiza pokodza, kunsi kwa mchombo kuli kotupa, akutentha thupi pafupipafupi malungo osapezeka, kapena sakukwera sikelo, kauzeni achipatala. Mwana mmodzi mwa ana aamuna 5,000 mpaka 8,000 amabadwa ndi timinofu totchinga njira ya mkodzo. Timadulidwa ndi kachida kakang'ono kodzera m'njira yomweyo, koma impso zimene zawonongeka kale sizibwerera mwakale. Ana otere timawatumiza kuzipatala zazikulu kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ana, monga Mercy James Centre imene inatsegulidwa mu 2017 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kwa onse, magazi mumkodzo si chizindikiro cha kukula. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, nyanja ya Chilwa ndi kuchigwa cha Shire, kawirikawiri ndi likodzo, ndipo praziquantel amene amagawidwa m'sukulu amachiza. Musamuletse mwana kumwa. Likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Munthu wamkulu amene akukodzabe magazi atamwa kale mankhwalawa, ngakhale popanda ululu, afunika kuonedwa mkati ndi kamera. Chotupa chaching'ono chimapalidwa osang'amba. Chikazika mizu, pamafunika kuchotsa chikhodzodzo chonse, ndipo nthawi zina zimakhala kuti tachedwa.

Wodwala akabwerera kunyumba

Popeza palibe bala looneka, achibale amaganiza kuti munthu wachiriratu. Mkati muli chilonda. Pambuyo pa TURP mkodzo umakhala wofiirira masiku angapo, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Amwe madzi okwanira, ndipo kwa masabata 4 mpaka 6 asanyamule zolemera, asagwire khasu, asapalase njinga. Abwerere kuchipatala mwamsanga ngati mukutuluka magazi oundana, mkodzo watsekanso, thupi latentha, kapena ululu ukukulirakulira. Amene anachitidwa ya timabowo ta pamimba atha kumva kuwawa paphewa kwa tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha mpweya uja, koma mimba ikamatupa ndipo akusanza, asadikire tsiku limene anamulembera.

Pali chinthu china chimene abambo amachita manyazi kufunsa. Pambuyo pa TURP, ambiri amaona kuti pokhala malo amodzi ndi akazi awo umuna sutuluka kunja. Umabwerera m'chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo. Sizivulaza, ndipo kwa ambiri mphamvu za m'banja zimakhalapobe, koma amene akufunabe kubereka akambirane ndi dokotala opaleshoni isanachitike.

Chimene ndikupemphani kwambiri inu mavolontiya ndi nkhani ya stent. Aka ndi kachubu kofewa kamene dokotala amakasiya mkati, kuchokera ku impso kufika m'chikhodzodzo, akamaliza kuswa mwala. Sikaoneka kunja ndipo si kokhalitsa. Kamayenera kuchotsedwa pa tsiku limene dokotala wanena, kawirikawiri patangopita masabata ochepa. Ndinaonapo mayi wina amene anabwera ndi ululu wa m'nthiti ndi kutentha thupi patatha zaka ziwiri chichitireni opaleshoni kutali ndi kwawo. X-ray inaonetsa kachubu katakutidwa ndi miyala mbali zonse. Iwo sankadziwa n'komwe kuti m'thupi mwawo munatsala kanthu. Ntchito imene ikanatenga mphindi zochepa inasanduka maopaleshoni angapo. Wodwala wa m'dera lanu akabwera kuchokera ku opaleshoni ya miyala, tsegulani kabuku kake ka kuchipatala, muone ngati mwalembedwa za stent ndi tsiku lokachotsa, ndipo mulilembenso m'kaundula wanu.

Musanavomere opaleshoni muli ndi ufulu wofunsa. Kodi mudzera njira iti, ndipo chifukwa chiyani imeneyo? Zikavuta mudzang'amba? Mudzasiya kachubu mkati, ndipo kadzachotsedwa liti, kuti? Ndikaona vuto ndipite kwa yani? Dokotala wophunzira bwino sakwiya ndi mafunso otere.

Akakuuzani kuti wodwala wanu afunika yong'amba, musaone ngati mwapatsidwa chithandizo chotsalira. Prostate ikakula kwambiri, kupitirira magalamu 80, kuipala pang'onopang'ono kumatenga nthawi yoopsa, ndipo kumene kulibe laser yoyenera, kung'amba ndiyo njira yabwino ndi yodalirika.

Gogo uja ndi zimene zinawachitikira. Tsiku lawo litafika, anapeza kuti prostate yawo yakula kwambiri, ndipo anawachita yong'amba. Patatha miyezi iwiri anabwera kudzandiona, m'manja mulibe jumbo. Anakweza malaya kundionetsa chipsera cha kunsi kwa mchombo, akuseka kuti iwo ndiye ali ndi umboni woti anachitidwadi opaleshoni, osati alamu awo. Kumbuyo kwawo kunaima mng'ono wawo, chipewa chili m'manja. Anali atangoyamba kudzuka katatu usiku, ndipo akulu akewo anamukoka kuti adzayezedwe.